Maso a Mayi Blackburn pa Chisa cha ku Moidart

Ndili mwana kwathu ku Ntcheu, mbalame ndinkazidziwa zili m'manja, zitafa kale. Tinkatchera ulimbo m'mbali mwa dambo, malegeni ali m'khosi, ndipo dzuwa likapendeka aliyense ankakhutula m'thumba zimene wapha: mpheta, timba, pumbwa, mwina njiwa ngati tsikulo lamukomera. Nthenga zake ndinkazidziwa, kulemera kwake pachikhato ndinkakudziwanso. Koma mukanandifunsa kuti timba amaima bwanji akamamwa madzi, kapena khosi amalipotoza motani akamva mtswatswa, ndikanangoti kukamwa yasa. Umbuli umenewu ndinauzindikira nditakula, ndili kutali ndi kwathu, tsiku limene ndinatsegula buku la zithunzi za mayi wina wa ku Scotland, Jemima Blackburn, amene anabadwa mu 1823 n'kumwalira mu 1909.

Chimene chinandidabwitsa powerenga za nthawi yawo n'chakuti akatswiri a mbalame a ku Ulaya ankachita ngati mmene tinkachitira ife ana. Mbalame ankaiwombera ndi mfuti, n'kuisenda, chikopacho n'kuchifutsa thonje kapena udzu, n'kuikapo maso agalasi. Wojambula ankakhala m'chipinda mu London kumayang'ana chikopacho, n'kumaganizira yekha mmene mwini wake ankaimira ali moyo. John Gould, amene mabuku ake akuluakulu a mbalame anatchuka dziko lonse, anayamba ntchito ngati wofutsa zikopa zoterezi. John James Audubon wa ku America ankapha mbalame n'kuiimika ndi mawaya kuti aijambule. Zithunzi zawo n'zokongola, sinditsutsa. Koma ukaziyang'anitsitsa zambiri mwa izo, umaona kuti mbalameyo yaikidwa, sinatere yokha. Mayi Blackburn anakana njira imeneyi. Iwo ankapita kumene mbalameyo ikukhala, n'kudikira.

Anabadwira mumzinda wa Edinburgh pa 1 May 1823, dzina la kwawo ali Jemima Wedderburn. Bambo awo, James Wedderburn, anali loya wamkulu wa boma ku Scotland, koma anamwalira miyezi ingapo mwanayo asanabadwe, ndiye anali chitsiriza amene sanaonepo nkhope ya bambo ake. Mayi awo, Isabella, anali mlongo wake wa John Clerk Maxwell. Ndiye kuti Jemima anali msuweni weniweni wa James Clerk Maxwell, uja amene pambuyo pake anafotokoza mmene magetsi, maginito ndi kuwala zimalumikizirana, maziko a wailesi imene timamvera lero. Jemima anali wamkulu kwa James ndi zaka 8. Mayi ake a James atamwalira mu 1839, ndipo nthawi ya sukulu itakwana mu 1841, mnyamatayo anabwera kudzakhala kwa azakhali ake pa nambala 31 Heriot Row, m'nyumba imodzi ndi Jemima.

Pafupifupi zonse zimene maso athu angaone za ubwana wa katswiri ameneyu zinachokera m'manja mwa msuweni wakeyo. Pali chithunzi chimodzi chimene ndimachikonda koposa. Malo ake ndi Glenlair, kumudzi kwa a Maxwell. James, ali ndi zaka pafupifupi 10, wakhala m'chibafa chochapiramo zovala pakati pa dziwe la abakha, akupalasa kuthawa mphunzitsi wake. Mphunzitsiyo waima m'mphepete, watambasula chipangizo chokokolera udzu kuti akole chibafacho. Akuluakulu ndi agalu aima chapatali kuonerera, ndipo abakha akusambira osalabadira. Palibe amene waima kuti ajambulidwe. Mtsikana wa zaka 18 anangoona zikuchitika, n'kuzigwira zisanathe. Mu 1882, pamene Lewis Campbell ndi William Garnett ankalemba mbiri ya moyo wa Maxwell, anatenga zina mwa zithunzi zimenezi n'kuziika m'buku lawo.

Kuti munthu agwire chinthu chisanathe, chipangizo chake chiyenera kukhala chofulumira, ndipo apa m'pamene utoto wa madzi umaposa wa mafuta. Utoto umenewu ndi ufa wa mitundu wophatikiza ndi utomoni wa mtengo wa m'banja la mthethe, umene amalonda ankautenga ku Senegal ndi ku Sudan. Umauma n'kukhala timibulu, ndipo ukafuna kujambula umangonyowetsa burashi n'kukhudza kam'buluko. Cha m'ma 1780 William Reeves wa ku London anayamba kugulitsa timibulu totere, ndipo m'zaka za m'ma 1830 kampani ya Winsor & Newton inatulutsa utoto wofewa wosachedwa kusungunuka. Kabokosi konse kankakwana m'thumba la chikhoti. Munthu ankatha kukwera nako phiri, kukhala nako m'boti, n'kutunga madzi pa kasupe aliyense.

Koma utotowu ulibe chifundo. Ndinauyesapo ndekha, ndipo ndikudziwa zimene ndikunena. Kuyera konse kwa chithunzi ndi pepala lenilenilo, ndiye malo owala uyenera kuwasiya osakhudza kuyambira pachiyambi. Ukadetsa, wadetsa basi. Madzi akachuluka utoto umayenderera kumene sunautume, akachepa burashi imasiya mikwingwirima. Wa mafuta ukalakwa umapaka pamwamba mawa, pamene wa madzi umafuna kuti ukhale utaona kale bwinobwino usanakhudze pepala. Mwina n'chifukwa chake anthu a nthawiyo ankaupeputsa, kumati ndi wa atsikana a m'mabanja olemera otayirapo nthawi podikira ukwati, osadziwa kuti umaphunzitsa maso mwambo. Jemima anajambulapo ndi utoto wa mafuta, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1840 ntchito yawo inaonetsedwa ku Royal Academy mu London. Edwin Landseer, wojambula nyama wotchuka kwambiri m'dzikolo, anayamikira luso lawo, ndipo John Ruskin ankalemberana nawo makalata. Komabe ntchito ya moyo wawo wonse inali ya kabokosi kaja. Ankajambula zochitika za pakhomo monga mmene ena amalembera buku la tsiku ndi tsiku, mapepala mazanamazana, kwa zaka zoposa 60.

Mu 1849 anakwatiwa ndi Hugh Blackburn, amene chaka chomwecho anakhala pulofesa wa masamu pa yunivesite ya Glasgow. Bamboyu anali mnzake wapamtima wa William Thomson, amene anadzatchedwa Lord Kelvin. Mu 1854 banjali linagula malo otchedwa Roshven m'dera la Moidart, kugombe la kumadzulo kwa Scotland, ndipo chilimwe chilichonse sukulu ikatsekera ankasamukira kumeneko.

Ndinapitako m'mwezi wa May. Sitima yochokera ku Glasgow imadutsa ku Fort William, ndipo umatsikira pa kasiteshoni ka Lochailort. Kuchoka apo msewu umatsata nyanja yopapatiza ya Loch Ailort, madzi ali kudzanja lamanja, phiri la Rois-Bheinn lili kumanzere, lalitali mamita 882. Ukafika pamene nyanjayo ikutseguka, zilumba za Eigg ndi Rum zimaonekera kutsogolo ngati zikuyandama. Njanji imene ndinakwerayo inatsegulidwa mu 1901, Mayi Blackburn ali ndi zaka 77, ndipo msewuwo unamangidwa m'zaka za m'ma 1960. Iwo ankafika kumeneko pa boti, ndi ana, antchito, katundu ndi ziweto. Anthu a m'deralo ankalankhula Chigaelic, ndipo mayiwa anawajambula ali pa ntchito zawo, akumeta nkhosa, akututa udzu, akukoka makoka. Alendo otchuka ankabwera kudzacheza, asayansi ndi olemba mabuku. Mmodzi wa anzawo anali Anthony Trollope, amene anayenda naye ulendo wa panyanja wopita ku Iceland mu 1878, ndipo buku la Trollope lofotokoza ulendowo lili ndi zithunzi zawo.

Pali nkhani ina imene sindingailumphe, chifukwa ndinkaiganizira ndili chiimire m'mphepete mwa nyanja ija. Mtendere umenewu, wokhala tsiku lonse ukuyang'ana chisa wina akukuphikira, unagulidwa ndi chuma, ndipo chumacho chili ndi kumene chinachokera. Agogo a bambo awo, Sir John Wedderburn, anaphedwa ndi boma mu 1746 chifukwa chomenya nawo nkhondo kumbali ya Charles Edward Stuart, kalonga amene chaka cha 1745 anakocheza pa Loch nan Uamh, pafupi ndithu ndi Roshven. Ana a Sir John anathawira ku Jamaica, n'kukalemera ndi minda ya nzimbe yolimidwa ndi akapolo ochokera ku Africa. Mmodzi wa iwo, James, ndiye agogo ake a Jemima. James ameneyu anabereka mwana mwa kapolo wake wamkazi dzina lake Rosanna, n'kumukana. Mwanayo, Robert Wedderburn, anakula n'kukhala wolimbana ndi ukapolo mu London, ndipo mu 1824 anasindikiza kabuku kotchedwa The Horrors of Slavery, mofotokoza nkhanza zimene mayi ake anachitiridwa. Pachibale chathu, Robert anali bambo wamkulu wa Jemima. Mkulu wake wa James, John, ndiye amene anakokerana kukhoti ndi kapolo wake Joseph Knight, mlandu umene mu 1778 unagamula kuti lamulo la Scotland silivomereza ukapolo. Kuchimuna nakonso, bambo ake a Hugh Blackburn analemerera ku Jamaica komweko. Jemima sanagule munthu, ndipo sindikuwasenzetsa mlandu wa agogo awo. Koma ine ndine wa ku Africa, ndipo ndikamasirira zithunzi zawo ndimakumbukira Rosanna, amene palibe anamujambula.

Buku lawo lalikulu la mbalame, Birds Drawn from Nature, linatuluka mu 1862, ndipo linatulukanso lowonjezeredwa mu 1868. Dzina la bukulo likunena kale mfundo yawo, kuti izi zajambulidwa kuchokera ku zamoyo. Ukalitsegula umakumana ndi kadzidzi amene akukuyang'ana mokwiya chifukwa wamudzutsa masana, anapiye a mbalame za kunyanja atakhala mopindika ngati mmene ana enieni amakhalira, osati mwaulemu. Kuti aone zimenezi mayiwa ankakwera makwerero kufika pa mphako, ankakhala pa matanthwe mphepo ikuwomba, atavala madiresi aatali olemera a nthawi imeneyo. Ankasayina ntchito yawo ndi zilembo ziwiri zokha, J.B., kapena ndi dzina la amuna awo, Mrs Hugh Blackburn.

Tsopano ndifike pa chisa chija, pakuti ndicho chinandichititsa kulemba zonsezi.

Ku Ulaya kuli mbalame yotchedwa cuckoo, dzina lochokera ku kulira kwake. Simanga chisa. Yaikazi imazembera chisa cha kambalame kena, n'kuikiramo dzira limodzi, n'kuchoka osabweranso. Eni chisa amafungatira dziralo pamodzi ndi awo. Zimenezi anthu ankazidziwa kuyambira kalekale. Funso linali lakuti, nanga ana a eni chisa amathera kuti, pakuti pakapita masiku ochepa mumatsala mlendo yekha? Mu 1788 Edward Jenner, dokotala yemwe uja anadzatulukira katemera wa nthomba, analemba kuti anaona kamwana ka cuckoo kakunyamula anzake pamsana n'kuwataya kunja. Ambiri sanamukhulupirire. Charles Waterton, katswiri wina wa zachilengedwe, anazitsutsa kotheratu. Ankati kanthu kongoswedwa kumene, kopanda nthenga, kosaona, kangapeze kuti mphamvu zoterozo? Gould nayenso ankakhulupirira kuti ndi makolo eni ake amene amataya anawo. Mkanganowo unatha zaka zoposa 80, akuluakulu akutsutsana m'mabuku, zikopa za cuckoo zili mbwee m'madirowa awo.

Mu June 1871, Mayi Blackburn anapeza chisa cha kambalame kotchedwa meadow pipit, kofiirira, kamawangamawanga pachifuwa, kakukulu ngati mpheta, kamene kamamanga pansi. Chisacho chinali pansi pa kachitsamba, pa kamtunda kotsetsereka m'phiri la ku Moidart. Munali mazira awiri a pipit ndi limodzi la cuckoo. Atapitako tsiku lina anapeza a pipit aswa, la mlendo lisanaswe. Patapita masiku awiri anabwereranso, ndipo anapeza kamwana ka cuckoo kali kokha m'chisa, tiana ta pipit tili panja chakumunsi, pamtunda wa masentimita pafupifupi 25. Anatitola, n'kutifunditsa m'manja mpaka titatsitsimuka, n'kutibwezera m'chisa. Kenako anakhala pansi n'kumayang'ana.

Kamlendo kaja kanayamba kuvinyukavinyuka mpaka kanalowetsa msana pansi pa kamodzi. Kanakwera chafutambuyo khoma la chisa, katunduyo ali pamsana. Katafika pamwamba kanaima njo, miyendo tang'a, zala zitakola ulusi wa chisa, n'kutambasulira kumbuyo timapiko take topanda nthenga, n'kukankha mnzakeyo mpaka anagubudukira kunja. Ndiye kanaima pomwepo kanthawi, kakupapasa kumbuyo ndi timapikoto ngati munthu wofuna kutsimikiza kuti pakhomo patsekedwa, kenako kanatsetserekera pansi pa chisa kukapuma. Chimene chinawakhudza kwambiri mayiwa n'chakuti kanthuko kanali kamaliseche, maso asanatseguke, khosi losatha ngakhale kunyamula mutu wake, pamene tiana ta pipit tinali titayamba kale kumera nthenga ndi kuphenya. Anaonanso kuti kosaonako kankalunjika mbali yotseguka ya chisa, yoyang'ana kutsetse, kumene chogwa sichingabwererenso. Kunja kutayamba kuda, anabwezeramo kotayidwako n'kupita kunyumba. M'mawa mwake anapeza tonse tiwiri tili panja, titazizira, titafa. Anayesa kubwezeramo kamodzi kakufako, koma cuckoo sanavutike nako, anangokhala pamwamba pake.

Ndimabwerera kawirikawiri pa mfundo yomalizayi. Munthu wongofuna chithunzi akanalekera pa dzulo lake. Iwo anabweranso m'mawa, n'kuyesa china, kuti aone ngati kambalameko kamataya chilichonse kapena chamoyo chokha. Umenewu ndi mtima wa wofufuza weniweni, ngakhale kuti panthawiyo yunivesite imene amuna awo ankaphunzitsa sinkalola mkazi kutenga digiri.

Anajambula zimene anaonazo pomwepo. Chithunzicho chinayamba kutuluka m'kabuku ka ana kotchedwa The Pipits, ndipo mu March 1872 analemba kalata yofotokoza zonse m'magazini ya sayansi ya Nature. Gould anasintha maganizo, ndipo m'buku lake la mbalame za ku Britain anaikamo chithunzi chachikulu chotengera pa cha mayiwa. Charles Darwin, potulutsa kachisanu ndi chimodzi buku lake la On the Origin of Species mu 1872, anakonza ndime yokhudza cuckoo, n'kunena kuti Gould walandira umboni wodalirika wa kamwana kamene kanaonedwa kakutaya anzake kasanaphenye. Dzina la Gould lilimo. La amene anakhala pa udzu wonyowa mpaka mdima mulibe. Zimenezi zimandipweteka, ndipo sindibisa. Kwathu timati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, ndipo mwina mayiwa, pokhala pakati pa amuna ophunzira a nthawi imeneyo, anazolowera kuti ndi mmene zinthu zimakhalira. Ine sindinazolowere.

Wina angaganize kuti khalidwe la mbalame imeneyi ndi zachilendo za ku Ulaya, koma ayi. Nsadzu, mbalame imene imatsogolera alenje ku njuchi, nayonso imaikira m'zisa za eni. Kamwana kake kamabadwa ndi timbedza takuthwa kunsonga kwa mlomo, ndipo kamaluma ana a eni chisa mpaka kufa. Mu 2011 Claire Spottiswoode ndi mnzake anaonetsa zimenezi ndi makamera amene anaika mu una wa mbalame kufupi ndi Choma ku Zambia. Ine amene ndinakulira kutchire, wodzitama kuti mbalame ndimazidziwa, zimenezi ndinazimva koyamba kwa anthu amene analolera kukhala pansi n'kudikira.

Mu 1876 mtsikana wina wa ku London analandira Birds Drawn from Nature ngati mphatso pa tsiku lokumbukira kubadwa kwake, akukwanitsa zaka 10. Anali Beatrix Potter, amene mabuku ake a ana onena za akalulu ndi abakha akugulidwabe mpaka lero. Awiriwa anadzakumana mu 1891, ndipo ambiri amakhulupirira kuti bakha wa m'buku la Potter la 1908, Jemima Puddle-Duck, anatchedwa dzinalo pokumbukira mayiwa.

Hugh Blackburn anayamba kugontha, ndipo mu 1879 anasiya ntchito ya uphunzitsi. Kuyambira pamenepo banjali linakhazikika ku Roshven. Mu 1895, ali ndi zaka 72, mayiwa anatulutsa buku lina, Birds from Moidart and Elsewhere, ndipo atakalamba kwambiri analemba zokumbukira za moyo wawo. Anamwalira ku Roshven pa 9 August 1909, ndipo amuna awo anawatsatira patangopita miyezi iwiri. Zithunzi zambiri zinatsala m'mabuku a pabanja, dziko n'kuwaiwala, mpaka mu 1988 pamene wojambula wina wokhala m'dera lomwelo, Rob Fairley, anasindikiza zokumbukirazo pamodzi ndi zithunzi za mayiwa.

Tsiku limene ndinali kumeneko, ndikubwerera ku siteshoni cha m'ma 4 koloko, ndinamva kulira kuchokera m'mitengo ya m'munsi mwa phiri, mawu awiri obwerezabwereza, loyamba lokwera, lachiwiri lotsika. Anali cuckoo. Kuyambira mu 2011 bungwe la British Trust for Ornithology lakhala likumangirira tizipangizo pamsana pa mbalamezi, ndipo lapeza kuti zikachoka ku Britain zimakathera nyengo yozizira m'nkhalango za ku Congo ndi madera oyandikana nawo. Ndiye imene inkalirayo inali itangofika kumene kuchokera kwathu ku Africa, itawoloka chipululu cha Sahara ndi mapiko ake. Ndinapatuka mumsewu n'kukwera pang'ono m'zitsamba. Kambalame kofiirira kanauluka pafupi ndi phazi langa, n'kukatera pamwala, kakugwedeza mchira. Ndinakhala pansi pa udzu wonyowawo, manja ali m'thumba, n'kumakayang'ana mpaka mvula inayamba kuwaza.